Ndinayeza Dzanja Lolakwika, Abwana Akuti Ndine Nkhandwe

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti ine si munthu wolembera ku nyuzipepala. Anthu ndi amene amabwera kwa ine kudzapempha nzeru, moti ndikanakhala wolipiritsa bwenzi pano ndikuyenda pa ndege yangayanga. Koma mayi a kunyumba, a Maxine, andiikira pepala ndi cholembera patebulo. Akuti ndikapanda kulembera inu ndikauze galu, chifukwa iwo makutu atopa. Galuyo ndamuuza kale kawiri. Ulendo wachiwiri anatuluka panja nkhani ili pakati.

Ntchito yanga ndi yosakira timu osewera. Ndi timu ya mu ligi yaikulu ya mpira wa ku America kuno, woponya ndi manja, dzina ndisatchule. Zaka 31 ndakhala ndikuzungulira Kansas, Nebraska ndi ma Dakota onse awiri, ndipo magalimoto asanu ndi anayi afera m'manja mwanga. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pa nkhani ya kotabeki, wosewera amene amaponya mpira ndi kutsogolera anzake, funsani aliyense m'zigwa zino. Mwana akaponya mpira kamodzi kokha, ine ndimamva ndi khutu ngati adzamangire mayi ake nyumba kapena adzagulitse matayala. Ndinazindikirapo kotabeki ndili pa mtunda wa mamailosi awiri, iye akuponyera mnzake makiyi a thirakitala. Ena amati ndimakokomeza. Ndi nsanje chabe.

Chaka chatha ndinatola mwana wina pa kakoleji ka kumadzulo kwa Nebraska, kumene ng'ombe zoonera mpira zimachuluka kuposa anthu. Dzina lake Colter Vanek, wamanzere. Aphungu, mwana ameneyu amaponya m'mphepo yogwetsa nkhokwe, mpira n'kukafika m'manja mwa wothamanga ngati wauika ndi supuni. Koma si mkono wokha. Mkono ali nawo ambiri, ena a iwo ndimawapeza akukankha ngolo m'masitolo. Chimene ine ndimayang'ana ndi maso ndi mapazi pamene zimphona zinayi zikumubwerera kudzamufinya. Ambiri mapazi amayamba kuvina, maso n'kugwa pansi. Colter amaima ngati akudikira basi. Msampha amauona adani asanamalize kuutchera. Akamugwetsa amadzuka, n'kuponyanso pomwe paja. Ndinafunsa mayi wochapa mayunifomu, ndinafunsa wophika, ndinafunsa ngakhale mtsikana amene anamukana. Onse akuti vuto lake ndi limodzi: ulemu wopitirira muyeso. Mawu amenewa muwasunge.

Ku chionetsero chachikulu chija, kumene osewera otchuka amakayezedwa, sanamuitane. Mwayi wake unali umodzi wokha, tsiku la kumayambiriro kwa Marichi limene koleji yake inaitana ife osaka osewera kuti tidzaone ana ake chisankho cha mu Epulo, chimene matimu amatengerapo osewera atsopano, chisanafike. Tinabwera anthu asanu ndi mmodzi, aliyense wa timu yake. Mwambo wathu pa masiku otere ndi wakuti wamkulu pa onse ndiye amagwira tepi. Iye amayeza n'kufuula nambala, enawo amangolemba. Sitibwereza kuyeza, timakhulupirirana. Wamkulu ndinali ine.

Kunazizira tsiku limenelo moti mawu ankauma akangotuluka m'kamwa. Ana anali khumi ndi mmodzi pa mzere. Ine poyeza sindikhala chete, chifukwa ana amakhala ndi mantha, ndiye ndimawamasula ndi nkhani. Ndinali pakati pa nkhani ya chipale chofewa cha mu 1997, pamene ndinayenda wapansi mamailosi khumi ndi awiri ndi nsapato imodzi kukaona kotabeki wina. Dewey Pruitt, mnzanga wa timu ina amene takhala tikunyozana zaka makumi awiri, anandidula n'kunena kuti chaka chatha mamailosiwo anali asanu ndipo nsapato zinali ziwiri. Tikukangana choncho anafika Colter. Ndinati, "Dzanja, mwana wanga." Anapereka lamanja, monga anachitira onse amene anali patsogolo pake. Ndinalitambasula, tepi kuchokera ku chala chachikulu kukafika ku chaching'ono, pakamwa pali kwa Dewey, n'kufuula kuti, "Eyiti ndi hafu!"

Dewey anaimba mluzu. Enawo analemba. Mwanayo asanavale nsapato, nambala inali itafika kale m'maofesi a matimu onse.

Lamulo lathu mukulidziwa. Kotabeki wa dzanja losafika mainchesi naini amataya mpira kukagwa mvula kapena kukazizira. Kaya ndi zoona kaya ndi chikhulupiriro chabe, ife timaligwira kuposa Malamulo Khumi. Ndinadabwa pang'ono, chifukwa m'masewera onse amene ndinaonera mpira sunamupulumuke ndi kamodzi komwe. Koma ndinati tepi sinama, ndipo ine sindilakwa. Aphunzitsi ake nthawi imeneyo anali panja akukonza bwalo. Womuimira wake ndi loya wa ku Omaha amene ntchito yake yeniyeni ndi milandu ya ngozi za pamsewu, ndipo sanabwere n'komwe. Matimu atatu amene ankamuimbira foni anangoti zii.

Patatha milungu iwiri ndinapita ku famu ya kwawo Lamlungu masana, poti mayi ake anandiitana kudzadya. Mayi Vanek ndi amasiye, ng'ombe amaweta okha, ndipo amaphika timakeke ta zipatso tija ta makolo awo, toti munthu ukhoza kusinthanitsa ndi munda. Ndikulowa m'khitchini ndinapeza Colter ali pampando, dzanja lamanja lili m'beseni la madzi otentha. Pambali panali kathabwa kamene mayi ake anasema, koti azikalowetsa pakati pa chala chachikulu ndi chaching'ono. Ndinafunsa kuti izi ndiye ziti. Mayiwo anati popeza akuluakulu a mpira anena kuti dzanja lachepa, iwo akulikulitsa, monga amachitira ndi nsapato zothina. Apa m'pamene ndinaona kuti kachala kakang'onoko ndi kopindika. Akuti kanathyoka ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mwana wa ng'ombe atamupanikiza ku geti. Ndinaseka, n'kufunsa mwanayo kuti nanga akuzunziranji dzanja limene saponyera.

Anandiyang'ana ndi maso ofatsa ngati a mwana wa ng'ombe yemwe uja. "Ndi limene munayeza, bwana. Ndimaganiza kuti lamulo lake ndi lamanja."

Aphungu, keke inandiima pakhosi. Ndinatsokomola mpaka mayi Vanek anandikuntha kumsana ngati akuchotsa fumbi m'bulangete. Ndinati ndi njere ya chipatso. Chakudya chonsecho maso anga anali pa dzanja lamanzere likunyamula mbale, likunyema buledi, dzanja ngati fosholo. Potsanzikana mwanayo anatsamira pa boneti ya galimoto yanga ndi dzanja lomwelo, zala zotambasula, n'kusiya chidindo pa fumbi. Ndinayendetsa ngati ndanyamula mazira mpaka pa malo omwetsera mafuta, n'kutulutsa tepi. Kunangotsala kota kuti likwane mainchesi teni. Ndinayeza kanayi. Kenaka ndinaphimba chidindocho ndi chivundikiro cha bokosi la makeke amene mayiwo anandipatsa, n'kumata m'mbali. Galimotoyo ili m'galaja mpaka lero, yosatsuka. Ndikuyendera ya a Maxine, imene imanunkhira maluwa.

Musaganize kuti ndine munthu woipa. Lachiwiri lake ndinakwera ndege kupita ku likulu la timu ndi mtima woti ndikaulule kwa abwana, a Garrett Ashby. Abwana amenewa ndi mwana, zaka 38, mpira anauphunzira pa kompyuta, ndipo malipoti anga amawatcha nthano za madala. Ndinkafuna tikaonane awiri. Koma ndinawapeza m'chipinda chosankhira osewera, mayina ali mbwee pakhoma, anthu makumi awiri atazungulira tebulo. Ndisanakhale pansi anaimitsa kanema wa Colter, n'kuloza dzanja litagwira mpira. Akuti iwo ndi anyamata awo a masamu anaona kuti mpira ukuchepa kwambiri m'dzanja loti ndi la eyiti ndi hafu, anawerengera, n'kupeza chimene chinachitika. Ndinati basi, andigwira. Ndinayamba kuganiza za katoni yoikamo zinthu zanga.

Abwana anaimirira. "Anyamata, tawaonani madala awa. Anayeza dala dzanja lolakwika pamaso pa matimu asanu, palibe ndi mmodzi yemwe anaona. Iyi ndiye nkhandwe. Izi kompyuta singachite."

Chipinda chonse chinaomba m'manja. Zaka 31, Aphungu, palibe anandiomberapo m'manja m'chipinda chimenecho. Chimene ndimalandira ndi chipewa pa Khirisimasi, chothinanso. Ndikanati chiyani? Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinawerama ngati woimba, n'kunena kuti zimenezi saphunzitsa ku yunivesite. Ndinawonjezera kuti chiwembuchi ndinayamba kuchikonza mu Okutobala, ndi kuti nkhani ya chipale ija inali nyambo yoti Dewey ayang'ane kumbali. Anaseka mpaka wina anadzitayira khofi. Pano pa chitseko cha kaofesi kanga anamatapo chithunzi cha nkhandwe.

Maganizo a abwana ndi awa. Pa ndime zisanu ndi ziwiri za chisankho, zimene matimu amasankha mosinthana kuyambira osewera apamwamba, iwo akuti Colter ndi woyenera ndime yachiwiri. Koma popeza matimu ena amutsitsa, ena amufufutiratu, ife tidikira mpaka ndime yachisanu ndi chimodzi, yachiwiriyo titengere chimphona chotchinga kutsogolo. Akuti uku ndi kugula ng'ombe pa mtengo wa nkhuku. Potuluka anandinong'oneza kuti mgwirizano wanga wa ntchito, umene ukutha mlungu wotsatira chisankho, auwonjezera zaka zitatu.

Zimene sananene koma ine ndikuzidziwa ndi izi. Kotabeki wa ndime yachiwiri timu imamulera. Akalakwitsa amati akuphunzira, amamupirira zaka zitatu, chifukwa amene anamusankha safuna kuoneka opusa. Wa ndime yachisanu ndi chimodzi amaponya mipira inayi patsiku pa zokonzekera. Akaphonya iwiri mu Ogasiti amamuuza kuti abweze buku la timu, n'kumupatsa thumba lakuda loikamo nsapato. Ndawaperekeza ambiri ku geti. Ndiponso ife kotabeki tili naye kale, wolimba ngati bulu, sachoka lero kapena mawa. Kuwonjezera apo ndinamva ndi makutu angawa abwana akuuza wachiwiri wawo kuti mwina sikofunika kumusankha n'komwe, angomuimbira foni chisankho chikatha, poti palibe akumufuna.

Chimene chikundikwiyitsa n'chakuti aliyense ali ndi mbali yake koma katundu yense ali pamutu panga. Mwanayo analibe pakamwa? Munthu wa zaka 22, wolamula amuna khumi pabwalo, kulephera kunena kuti bwana ine ndine wamanzere. Nanga Dewey ndi anzake anayi aja, maso anawasiya ku hotela? Onse anamuonera akuponya ndi manzere ola lathunthu tsiku lomwelo. Ndipo amene anayambitsa zoyeza anthu ngati nsomba ndani? Si ine. Ndikanena zimenezi a Maxine amangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Mayi Vanek amandiimbira Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, kundiuza kuti dzanja lakula ndi kaubweya kamodzi. Atumiza kale mabokosi awiri a timakeke. A Maxine amatiika patebulo n'kunena kuti, "Idyani, a nkhandwe, ngati tingatsike." Sititsika. Ine amene ndinapambanapo mpikisano wodya nthiti za nkhumba ku Wichita, lero ndikuthawa keke. Lamlungu lapitali mayiwo anati kachala kaja katupa, koma Colter akukana kusiya kathabwa. Kenaka anamupatsira foni. Anati, "Bwana, inu mumadziwa zinthuzi. Ndi dzanja lokha, kapena pali china chimene ndikulakwitsa? Ndiuzeni zoona, ndikonza." Ndinati foni ikuduladula.

Chisankho chatsala masiku 19. Ndikaulula, abwana ataya ng'ombe yawo yotchipa ndipo ine ntchito yatha, ndili ndi zaka 63, m'dziko limene likufuna ana odziwa masamu. Choipitsitsa, Dewey adzaikamba nkhaniyi pa maliro anga. Ndaganizapo zotumiza uthenga wopanda dzina kwa loya uja. Ndaganizaponso zongokhala chete, poti Mulungu ali ndi njira zake, ndipo akatswiri ena anachokera ku ndime zakumapeto. Funso langa ndi ili: pali njira yoti mwanayu akwere, ine ntchito isathe, ndipo chithunzi chija chisachoke pachitseko? Munthu wanzeru ngati ine ndikanaipeza kale, koma masiku ano sindikudya bwino.

H.T.B., Salina


A H.T.B.,

Njira imeneyo palibe. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ndaseka, kenaka ndakwiya, ndipo galu wanu ndamumvetsa.

Tiyambe ndi mlandu umene mukugawira anthu. Colter anaona anzake akupereka lamanja, nayenso anapereka, ndipo munthu wa zaka 31 pa ntchito analilandira osatsutsa. Mwana wa ku famu, pa tsiku lalikulu pa moyo wake, akanaphunzitsa ntchito wogwira tepi? Mwalemba nokha kuti vuto lake ndi ulemu, ndipo mwati mawuwo ndiwasunge. Ndawasunga. Ulemu umenewo ndi umene mukubisalamo milungu itatu tsopano. Dewey ndi anzake sanayang'ane chifukwa mwambo wanu ndi wokhulupirira wamkulu, ndipo wamkuluyo anali kalikiliki kuyenda m'chipale cha 1997.

Kulakwitsa kwa mu Marichi sikukundidetsa nkhawa. Aliyense wogwira ntchito analakwitsapo, kupatula inu, malinga ndi inu. Chimene chinaononga zinthu ndi kuwerama kuja. Munalowa m'chipinda muja muli munthu wolakwitsa, munatuluka muli wabodza. Za Lamlungu lapitali ndisanene zambiri. Foni sinkaduladula, ndipo mwanayo anagona akufunafuna cholakwa chimene alibe.

Pali zinthu ziwiri zimene mwazisakaniza. Zimene mumaona mwa Colter, mapazi ake, maso ake, ndime imene timu yanu ikufuna kumutengera, zimenezo ndi za timu. Anakulembani ntchito kuti muzisunge, ndipo muzisunge. Abwana anu akaona luso limene anzawo sakuliona, adye, ndiwo masewera ake. Koma nambala munafuula ija si ya timu yanu. Tsiku limenelo tepi munaigwirira matimu onse, ndipo dzanjalo lili ndi mwini wake. Ng'ombe ikatchipa chifukwa ogula ena ali ndi maso ofooka, umenewo ndi mwayi. Ikatchipa chifukwa sikelo inanama, woyeza akudziwa ndipo ali chete, dzina lake ndi lina.

Zoti akatswiri ena anachokera ku ndime zakumapeto musandiuze. Awerengeni, akwana pa dzanja limodzi, lililonse limene mungasankhe. Ndiye muwerengenso aja mwati munawaperekeza ku geti ndi matumba akuda.

Tsopano tiganizire khungu lanu, poti ndi limene mumalikonda. Anthu makumi awiri akukhulupirira kuti munachita dala. Mukudziwa mmene anthu amasamukira chisankho chikatha. Pofika Meyi ena a iwo adzakhala ali ku matimu ena, ndipo nkhani yokoma chonchi sigona m'chipinda chimodzi. Ikadzafika kwa Dewey sidzati madala anasokonezeka. Idzati madala anatipusitsa dala, anayamba kukonza mu Okutobala, ndipo adzakhala mawu anu omwe. Ndani adzakupatseninso tepi? Mphunzitsi uti adzakutsegulireni chitseko, mayi uti wochapa mayunifomu adzakuuzeninso zoona? Wina akadzayamba kufunsa mafunso, musaganize kuti a Ashby adzaima nanu. Adzati iwo anangomva. Munthu wosekedwa amagwirabe ntchito. Wachinyengo amakhala pakhomo ndi galu wosamumvera.

Ndiye chitani izi. Lero lomwe, musanamalize khofi, imbirani mayi Vanek. Auzeni kathabwa kaja kaponyedwe pamoto, kachala kakaonedwe ndi dokotala, ndipo inu mukubwera mkuja ndi nkhani. Chala chotupa sichidikira misonkhano yanu.

Mawa kaonaneni ndi abwana, awiri, chitseko chotseka. Nenani kuti simunachite dala, munanama chifukwa m'manja munakoma, ndipo nambala mukukaikonza. Simukukapempha chilolezo, mukukawadziwitsa asanamve kwa ena, poti ulemu umenewo ndi wowayenera. Akayamba kukalipa asiyeni akalipe. Akatopa akumbutseni kuti sanataye zonse. Timu yawo yokha ndi imene yamutsatira mwanayu chaka chathunthu, enawo angotsala ndi masiku ochepa oti amudziwe. Ngati akukhulupiriradi kuti ndi wa ndime yachiwiri, amutenge pa ndime yachiwiri kapena yachitatu. Akakana, ndiye kuti sankafuna kotabeki, ankafuna nkhani yodzitamira, ndipo matenda amenewo inu mukuwadziwa bwino.

Mukachoka apo, ku famu, inu mwini. Uthenga wopanda dzina uja iwalani. Loya adzauyesa wa munthu wosokonezeka, ndipo palibe timu ingasinthe nambala ya wamkulu wa tepi chifukwa cha kapepala kosasaina. Nambala inatuluka m'kamwa mwanu, yokonza ituluke momwemo. Muuzeni Colter mayi ake ali pomwepo, mawu ochepa: ndinayeza dzanja lolakwika, ndinadziwa tsiku la beseni lija, ndinakhala chete. Musaikemo chipale. Kenaka a zaumoyo a pa koleji yake ayeze dzanja lamanzere wina akujambula kanema, tepi ikuoneka bwinobwino, ndipo loya atumize ku matimu onse tsiku lomwelo. Inu imbirani anzanu asanu aja mmodzimmodzi, kuyambira Dewey, kuti mankhwala owawa ayambe kutsika. Akafunsa kuti timu yanu ikumuona bwanji mwanayu, auzeni akaonere okha kanema, maso anawalengera zomwezo.

Adzaseka, ndipo Dewey adzaikambadi pa maliro anu, atawonjezera pang'ono. Msiyeni. Inu mwakhala mukuwonjezera mamailosi zaka makumi awiri.

Sindikulonjezani kuti ntchito ipulumuka. Ikhoza kutha, ndipo pa zaka 63 chimenecho si chaching'ono. Kambiranani ndi a Maxine musanakwere ndege, ngakhale ndikuona kuti iwo anasankha kale. Mayi woika keke patebulo n'kumakuitanani a nkhandwe akunena poyera kuti bola mwamuna wopanda ntchito amene chakudya chikumutsika. Nanunso musamulonjeze Colter ndime yachiwiri. Masiku atsala ochepa, matimu ena sakonda kubwerera m'mbuyo, ndipo ngakhale wa dzanja ngati fosholo akhoza kukalephera. Ndime si yanu kuti mupereke. Chimene mungamubwezere ndi dzanja lake.

Chenjezo langa ndi ili, poti ndakudziwani. Pofika Juni mudzafuna kuyamba kuuza anthu m'malo odyera kuti ndinu munthu woona mtima kwambiri m'mbiri ya ligi, munakana zaka khumi za ntchito ndi ndege yomwe. Musatero. Iyi ikhale nkhani imodzi pa moyo wanu imene mudzaikambe pa msinkhu wake weniweni. Ndipo mukadzagwiranso tepi, funsani mwana kuti amaponyera liti, kenaka tsekani pakamwa mpaka mutawerenga.

Kalata yanu ndaidumphitsa mzere chifukwa masiku akutha. Mayina ndawasintha, koma wosaka osewera wa nsapato imodzi m'chipale alipo mmodzi yekha m'zigwa zonsezo, ndiye fulumirani nyuzipepala ino isanafike m'manja mwa Dewey. Mwanayo anakufunsani ngati pali china chimene akulakwitsa. Yankho lake lili pa boneti m'galaja mwanu. Tulutsani galimotoyo mukamuonetse, mvula ya Epulo isanafufute.

Aphungu